Shuga Amene Sindinathire

Saigon, 9 Malichi 1996

Amake Thom,

Landirani moni kuchokera kwa ine mwamuna wanu Luong. Ndikhulupirira kuti muli bwino ndipo bondo lija lakuchitirani chifundo. Ine ndili bwino, kungoti masiku awiri pa benchi ya sitima anandipinda msana, moti ndinatsika ndikuyenda ngati bakha wathu wotsimphina uja.

Ntchito ndaipeza, musade nkhawa. Ndili pa lesitilanti ya Mayi Bay, mayi wamasiye wa mawu ngati wailesi. Musadabwe ndi dzinalo, kummwera kuno amaitanana ndi nambala ya kubadwa, ndiye Bay ndi wachisanu ndi chiwiri. Tsiku loyamba anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kufunsa kuti, "Mumatha chiyani, inu akumpoto?"

Ndinati, "Mayi, kwathu ndi ku Nam Dinh. Bambo anga anaphika pho zaka makumi atatu, ine zaka makumi awiri ndi ziwiri. Pakanapanda kukulitsa msewu n'kutigwetsera kashedi kathu, simukanandiona kuno."

Anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Aliyense wotsika sitima ya kumpoto bambo ake ankaphika pho! Gwirani chokupizira ichi, mukaotche nkhumba."

Ndiye mwamuna wanu ali pa mbaula pakhomo, kukupiza makala kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Chakudya chimene ndikuotcheracho mukachimva mufa nalo phwete. Amachitcha com tam. Ndi mpunga woswekasweka, uja ife timawazira nkhuku, koma kuno amauphika bwinobwino, pamwamba n'kuikapo nthiti ya nkhumba yootcha, dzira lokazinga ndi anyezi wa m'mafuta, kenako n'kuthira madzi a nsomba zamchere osakaniza ndi shuga. Mbale imodzi ndi madong zikwi zisanu, ndipo anthu a mataye amaima pamzere kulimbirana chakudya cha nkhuku zathu. Ndinalawa kuti ndipeze ponyozera. Amake Thom, ndinanyambita mbale.

Chimene chandiopsa ndi shuga. Anthu akuno amathira shuga m'nsomba, m'nyama, m'masamba, ndikuganiza kuti ngakhale m'madzi osamba. Pho wawo, msuzi uja wa ng'ombe ndi zingwe za mpunga, ndiye musanene. Msuzi wake ndi wotsekemera ngati tiyi wa mwana, pambali amakupatsa mbale ya masamba ngati ukukadyetsa mbuzi, mphukira za nyemba ndi botolo la sosi wakuda. Bambo akanaona zimenezi akanaswa mbale.

Tsopano mvetserani nkhani yeniyeni. Pamwamba pa khitchini pali kachipinda ka zenera limodzi. Mumagona wophika pho wa m'mawa, ndipo ndamva kuti mvula ikayamba abwerera kwawo. Amene adzagwire mphika umenewo adzatenganso kachipindako, ndipo Mayi Bay amalola munthu kukhalamo ndi mkazi wake. Pano ndikugona m'chipinda cha amuna asanu ndi atatu, inu simungalowemo. Chikwatiranire sitinasiyanepo ngakhale sabata imodzi, ndipo mwana wathu Thom atakwatiwa nyumba ija yakukulirani. Ndikufuna mphika umenewo kuti mubwere kuno, basi.

Nkhumba muziipatsa madeya kawiri patsiku, ikalira kachitatu ikunama. Musakwere padenga nokha, muuzeni mkamwini Dang adzakonze pamene pakudonthapo. Muyatse lubani pa guwa la makolo muwauze kuti ndafika.

Ndine wanu,
Luong

Saigon, 21 Epulo 1996

Amake Thom,

Moni. Kalata yanu ndalandira ndipo ndasangalala kumva kuti muli bwino ndi kuti mpunga kudimba wabiriwira. Ine ndili bwino. Kuno kukutentha moti munthu umapsa limodzi ndi nthiti zimene ukuotcha, koma ndanenepa, lamba ndasuntha bowo limodzi. Ndakutumizirani madong zikwi mazana awiri. Mugule mankhwala opaka bondo, osati feteleza yekha monga mumachitira.

Mwandifunsa ngati ndikudya. Ndikudya, koma ndikudya ndi manyazi. Pano pali Chemwali Ut, mng'ono wawo wa Mayi Bay, chitsirizira cha m'banja mwawo ngakhale ali ndi imvi kale. Ntchito yawo ndi kukazinga banh xeo. Amasungunula ufa wa mpunga ndi chikasu ndi mkaka wa kokonati, n'kuthira m'chiwaya chotentha, chimvekere shwaaa, mpaka a tsidya la msewu amatembenuka. Chimatuluka chachikulu ngati chipewa, chopyapyala, chokhuthyuka, m'kati muli nkhumba ndi mphukira za nyemba. Atandipatsa ndinatenga timitengo todyera n'kuyamba kudula mwaulemu monga munthu woleredwa.

Chemwali Ut anakuwa kuti khitchini yonse imve. "Aaa, akumpoto! Mukudya ngati mukulemba mayeso. Manja munasiya kwanu?"

Ndinati, "Kwathu manja timagwirira ntchito, chemwali."

"Ndiye kwanu mumafa ndi njala mutavala ulemu. Taonani kuno."

Ananyema chidutswa ndi zala, kukulunga m'tsamba la mpiru limodzi ndi masamba onunkhira, kuviika m'madzi a nsomba, n'kundikankhira m'kamwa ngati khanda. Mafuta anayenderera mpaka m'chigongono. Ndinadya ziwiri, ndipo musauze munthu kumudziko.

China chimene mudzalawe mukadzabwera ndi canh chua, msuzi wowawasa wa mlamba. Amaikamo bwemba, chinanazi, tomato ndi therere. Mwamva bwino, chinanazi m'nsomba! Koma tsiku lotentha ukamwa thukuta limatuluka, mutu n'kupepuka. Palinso nsomba yophika m'kamphika kadothi mpaka kuderako n'kumamata, imeneyo imatha mpunga wa anthu atatu. Zonsezi ndavomera. Pho wawo yekha ndiye sindidzavomera mpaka imfa.

Ndikuuzeni za munthu wolemekezeka kuposa onse pa lesitilanti ino. Si Mayi Bay ayi. Ndi Agogo Chin, nkhalamba yopalasa kabaza wa mawilo atatu, yowonda ngati ndodo, mano anayi m'kamwa. Mukudziwa mmene amalonda tonse timaopera kasitomala woyamba, kuti akakhala wa mzimu wolemera malonda a tsiku limenelo afa. Tsono Mayi Bay anapeza kuti Agogo Chin ali ndi mzimu wopepuka. Tsiku limene anatsegula lesitilantiyi iwowa ndiwo anayamba kudya, ndipo pofika masana miphika inali gwa, yopanda kanthu. Chiyambire pamenepo, zaka khumi ndi zisanu, palibe amene amalandira mbale iwo asanalandire. Dzana bwana wina wa galimoto anafika molawirira, Mayi Bay anamuuza kuti, "Msuzi sunapse, bambo, khalani kaye," chonsecho ukubwata poonekera. Agogowo atangoimika njinga, msuzi unapsa nthawi yomweyo.

Amandikonda agogo amenewa. Akamadutsa pa mbaula amati, "Mwana wa kumpoto, kupiza, utsi wako ndiwo umandidzutsa." Ine ndimawasungira kachidutswa kopserera m'mbali.

Abakha musawalole kupita kudziwe la kuseri, agalu a kumeneko mukuwadziwa. Mupereke moni kwa Thom ndi Dang.

Ndine wanu,
Luong

Saigon, 2 Juni 1996

Amake Thom,

Moni wachimwemwe! Ndikhulupirira muli bwino ndipo mwamaliza kumweta mpunga. Ine ndili bwino kwambiri.

Mvula yayamba, wophika uja wapita kwawo, ndipo mphika uli m'manja mwanga! Lachiwiri Mayi Bay anandiitana kukhitchini nati, "Akumpoto, mwakhala mukutiboola m'makutu ndi bambo anu. Chipande ichi. Ndikupatsani miyezi itatu. Anthu akamabwera monga kale, kumapeto kwa Ogasiti mukwere pamwamba ndi mayi akunyumba. Koma musaiwale kuti kuno ndi ku Saigon."

Ndinati, "Mayi, anthu akuno sanalawepo pho weniweni. Akalawa adzakuthokozani."

Chemwali Ut anati, "Tamva, aphunzitsi."

Musiyeni Ut ameneyo, adzaona. Ndikuchita monga mmene Bambo anandiphunzitsira, osachotsa, osawonjeza. Mafupa a ng'ombe ndimasankha ndekha kumsika, a m'miyendo, a mafuta m'kati. Ndimawatsuka, kuwabwatitsa pang'ono, madzi oyambawo kutaya. Anyezi ndi jinja ndimaotcha pa makala mpaka zide, kenako kupala. Moto wapansipansi, mphika osavundikira, thovu kumachotsa likangotuluka, maola asanu ndi atatu. Msuzi umayera moti ukhoza kuwerenga nyuzi pansi pa mbale. Zingwe za mpunga, nyama yodula mopyapyala, anyezi wamasamba, kadontho ka ndimu, basi. Shuga ayi, ngakhale kambewu kamodzi. Mukukumbukira mawu a Bambo, kuti wothira shuga mu pho akubisa ulesi wake.

Chinthu chimodzi chokha, msuzi sunafike penipeni pa uja wa kwathu. Watsala pang'ono kwambiri. Ndikuganiza kuti ndi madzi a m'mipope akunowa, kapena ng'ombe zakuno zimadya udzu wina. Ndizolowera.

Dzulo ndinakwera kukaona kachipinda kaja. Bedi lilimo la anthu awiri, la matabwa olimba, ndinaliyesa. Zenera likuyang'ana mtengo wa bwemba. Pakhoma pali shelefu yoti tidzaikepo zithunzi za makolo ndi lubani. Ndinaima momwemo ndikuseka ndekha ngati wamisala mpaka Ut anandiitana.

Yambani kufunsa wogula nkhumba, koma musavomere mtengo woyamba. Abakha mudzawasiyira Thom. Munda Dang alima, tidzagawana zokolola. Zovala zotentha musavutike kulongedza, kuno kulibe chisanu, bondo lanu lidzavina.

Ndine wanu wosangalala,
Luong

Saigon, 30 Juni 1996

Amake Thom,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino. Ine ndili bwino, mutu wokha umawawako masana, mwina ndi nthunzi ya mphika.

Kuno mvula ikugwa tsiku lililonse, ndiye anthu sakutuluka kwambiri m'mawa. Malonda amatero, inunso mukudziwa. Agogo Chin masiku ano akudya kwina, ndi ufulu wawo, munthu sungamumange pa mpando.

Ndatumiza zikwi zana limodzi ndi makumi asanu. Zachepako chifukwa ndagula ambulera.

Za nkhumba ija, musafulumire. Muuzeni wogulayo adikire kaye, inenepeko. Katundu amene mwati mwayamba kulongedzayo musiyeni momwemo m'bokosi, sakudya kanthu, koma anthu kumudziko musawauze tsiku.

Kwa eni kulibe mkuwe, Amake Thom. Ndilembanso.

Luong

Saigon, 28 Julayi 1996

Amake Thom,

Moni. Ndasangalala kumva kuti muli bwino ndi kuti mphepo ija sinasasule denga. Ine thupi lili bwino.

Mwalemba kuti kalata yanga yapita ija inali yaifupi ngati mchira wa nkhumba, ndi kuti mwamuna wanu akafupikitsa mawu ndiye kuti wapalamula. Mwalasa. Ambulera sindinagule, Mayi Bay ndiwo anandidula malipiro. Ndinena zonse, mundiseke kamodzi zithe.

Sabata yoyamba ndinachotsa pa matebulo mabotolo a sosi wakuda ndi mbale za masamba, n'kuzibisa kuseri kwa matumba a mpunga. Ndinkafuna anthu amve msuzi wokha. Mayi Bay anazipeza, anazibwezera, anandiloza ndi chipande. Ndikanaphunzira pomwepo.

Lachisanu lotsatira Agogo Chin anafika m'mamawa monga mwa nthawi zonse. Ndinawapatsa ndekha mbale yoyamba. Anamwa supuni imodzi nati, "Mwana wa kumpoto, msuzi wako ndi woyera, koma uli ngati munthu wosaseka." Kenako anatambasula dzanja kutenga botolo la sosi wakuda lija.

Amake Thom, sindikudziwa chimene chinandilowa. Ndinawalanda botolo m'manja. Nkhalamba ya msinkhu wa bambo anga, pamaso pa anthu! Ndinati, "Agogo, msuzi uwu ndauyang'anira maola asanu ndi atatu, musaupake phula."

Agogo anaika timitengo pansi, anatulutsa ndalama m'thumba la malaya n'kuika pambali pa mbale, nati, "Ndakalamba, ndimaona ngati m'kamwamu ndi mwanga." Anakwera njinga yawo ulendo, mbale ili yodzaza.

Kasitomala woyamba kuchoka osadya! Mayi Bay anayatsa chinyuzi n'kuyamba kuchizunguza pakhomo, pa mphika, pansi pa matebulo, kuthamangitsa tsoka. Atamaliza anabwera nacho kwa ine n'kundizunguliza katatu, mpaka nsidze zinanunkha. Ankakuwa kuti, "Zaka khumi ndi zisanu! Zaka khumi ndi zisanu, akumpoto inu mwazithera pa botolo limodzi!"

Tsopano Agogo Chin amadya pa lesitilanti ya tsidya la msewu, ndipo amakhala moyang'ana kuno kuti tiziwaona bwino. Anzawo a kabaza onse anawatsatira. Kaya ndi mzimu wawo, kaya ndi msuzi wanga, koma theka la mphika limatsala tsiku lililonse. Mayi Bay sandilankhula. Akafuna kanthu amati, "Ut, uwauze aphunzitsiwo kuti makala atha," ine ndili pomwepo. Kachipinda kaja aikamo matumba a anyezi. Mphika sanandilande chifukwa analonjeza miyezi itatu, ndipo ndi mayi wosunga mawu, koma watsala mwezi umodzi.

Chimene chikundiwawa kwambiri ndi chakuti agogowo sananame. Ndimalawa msuzi wanga ndipo ndimamva ndekha kuti si uja tinkagulitsa pa kashedi kathu. Ndasintha wogulitsa mafupa, ndayesa madzi a mvula, ndawonjeza jinja, koma ayi ndithu. Inu munali pambali panga zaka zonse zija. Kodi ndaiwala chiyani? Kapena dzanja langa linatsala kumudzi?

Ndakusowani, ndipo ndili ndi mantha kuti ndakutayitsani ulendo ndi kuuma mutu kwanga.

Ndine wanu,
Luong

Saigon, 25 Ogasiti 1996

Amake Thom,

Moni. Za umoyo wanu sindifunsa, munthu wotha kulemba kalata ngati imene mwandilemberayi ali bwino kwambiri. Ine ndili moyo, ngakhale munatsala pang'ono kundipha.

Ndinaiwerenga katatu. Kachitatu ndinakhala pansi pa thumba la makala. Zaka makumi awiri ndi ziwiri! Mukuti tsiku lililonse ndikatuluka kukatenga nkhuni, inu munkaponya mu mphika mbulu wa shuga waukulu ngati chala chamanthu? Ndipo mukuti anakuphunzitsani ndi Mayi anga, tsiku lachitatu chilowereni m'banja, chifukwa nawonso ankatero kwa Bambo zaka makumi atatu? "Amuna a m'nyumba muno lilime ali nalo labwino, koma mutu ndi mwala, usawauze." Mayi anga ondibereka ananena zimenezi? Ndiye Bambo ankadziguguda pachifuwa pamaso pa makasitomala kuti pho wawo sadziwa shuga, Mayi ali pambali akudula anyezi, nkhope ili phee. Ndipo ine ndinkati kambiya kaja ka kuseri kwa mtsuko ndi ka mankhwala anu a chifuwa!

Tsiku limenelo ndinakwiya mpaka sindinadye. Mawa lake ndinapita kumsika wakutali kumene sandidziwa, ndinagula shuga wamibulu, n'kumubisa m'thumba la buluku ngati wakuba. Ut atatembenuka ndinaponya mbulu umodzi. Mphika wakuno ndi waukulu, ndiye ndinaponyanso wina. Patapita kanthawi ndinalawa.

Amake Thom, anali kwathu. Sunatsekemere ayi, unangofewa, mchere ndi mafupa zinagwirizana. Ndinaona kashedi kathu, benchi ija ya mwendo waufupi, ndi inu mukupukuta mbale. Misozi inagwa. Ut anandipeza ndikupukuta m'maso nati, "Anyezi ameneyo ndi waukali bwanji, poti simunayambe n'kusenda komwe?" Ndinamuuza zonse. Anaseka mpaka anakhala pansi, kenako anathamanga kukauza mkulu wake. Mayi Bay anabwera, analawa, ndipo anandilankhula koyamba patatha miyezi iwiri. Anati, "Mkazi wanuyo ndikufuna ndimuone. Koma mpando wa Agogo ukadali wopanda munthu."

Ndinamva. M'mawa mwake, tisanatsegule, ndinatenga thireyi. Ndinaikapo mbale ya pho, mbale ya masamba yodzaza ngati dimba, mphukira za nyemba, ndimu, tsabola, ndi botolo lija la sosi wakuda pakatikati. Ndinawoloka msewu ndi thireyi m'manja, njinga zamoto zikundiimbira mabelu, mpaka pansi pa mtengo pamene a kabaza amayembekezera anthu. Onse analipo, ngati khumi ndi awiri.

Ndinati, "Agogo, ndinalakwa. Ndine mwana wopanda mwambo. Ndabweretsa botolo lanu."

Mmodzi anakuwa kuti, "Agogo, bisani manja, wolanda uja wabwera!" Onse anaseka. Agogo Chin sanaseke. Anandisiya chiimire thireyi ili m'manja, kenako anati, "Ika apa." Anatenga supuni n'kumwa msuzi wokha, osathira kanthu. Anamwanso kachiwiri.

Anati, "Msuziwu wayamba kuseka. Wauchita chiyani?"

Ndinati, "Mkazi wanga ndiye wauchita, Agogo."

"Ndinadziwa kuti pali wina wanzeru kwanuko."

Atatero anatenga botolo, akundiyang'ana m'maso, n'kufinya sosi wakuda, kufinya, kufinyabe, mpaka msuzi wanga woyera uja unada ngati madzi a m'ngalande. Anang'amba masamba n'kuunjika pamwamba. Ine ndinangotsinzina. Anadya mpaka kupendeketsa mbale, nati, "Mwana wa kumpoto, mphika ndi wako. Koma mbale ikafika patsogolo panga ndi yanga. Tiye ukatsegule, dzuwa lakwera." Anandikweza pa kabaza wawo ndi thireyi yanga pamiyendo, kuwoloka msewu wokhawo, anzawo onse akutsatira m'mbuyo ndi mabelu. Mayi Bay ataona anathamangira kukayatsa lubani, ndipo tsiku limenelo mphika unatha isanakwane naini koloko.

Masabata awiri tsopano sukutsala ngakhale chipande chimodzi. Dzulo Mayi Bay anandiponyera kiyi nati, "Kachotseni anyezi wanga m'chipinda mwanu."

Gulitsani nkhumba. Mtengo uliwonse, ngakhale woyamba. Mugule tikiti ya mpando wofewa, osati benchi, ndatumiza yokwanira. Dang akuperekezeni kusiteshoni. Zithunzi za Bambo ndi Mayi muzikulunge bwino m'nsalu, ndili nawo mawu Mayiwo. Mundilembere tsiku, ndidzakhala ndikudikira pachipata.

Ndine wanu, wa mutu wa mwala,
Luong

Saigon, 6 Okutobala 1996

Mwana wanga Thom,

Moni kwa iwe ndi mwamuna wako Dang. Ndikhulupirira muli bwino ndipo abakha sakukuvutitsani. Usadabwe kuona kalata ya bambo ako, ndikudziwa kuti sindinakulemberepo. Ife kuno tili bwino.

Amako anafika Lachinayi lapitalo. Sitima inachedwa maola atatu ndipo ine ndinafika maola awiri isanayenere kufika, ndiye werengera wekha mmene ndinaimira. Anatsika ndi bokosi, zithunzi za agogo ako pachifuwa, ndi thumba la mpunga wa kumunda kwathu. Kunyamula mpunga kubwera nawo kummwera, kumene mpunga amapondaponda pamsewu! Ndinkafuna kunena mawu abwino amene ndinakonza sabata yonse, koma nditawaona onse anathawa. Ndinangoti, "Mwabweretsa mpunga?" Iwo anati, "Mwanenepa." Kenako tinangoima pamenepo tikuseka, anthu akutikankha.

Agogo Chin ndiwo anatinyamula, ndipo anakana ndalama. Njira yonse ankauza amako milandu yanga. Titafika, Mayi Bay anatuluka ndi manja awiri nati, "Ndinu amene munaweta munthu uyu zaka zonsezi? Khalani pansi, mwatopa kawiri." Ut anawakazingira banh xeo, ndipo amako anasamba m'manja n'kunyema ndi zala osauzidwa. Ut anandiyang'ana, ine ndinayang'ana kudenga.

M'mawa mwake anatsika kukhitchini, anatenga supuni n'kulawa mphika wanga. Khitchini yonse inasiya ntchito. Analawa, anaganiza, kenako anati, "Mwachulutsa shuga."

Thom, ine bambo ako, kundiuza kuti ndachulutsa shuga! Mayi Bay anachita kutuluka panja kuti akaseke bwino. Tsopano kambiya ka shuga akusunga ndi amako, ndipo Mayi Bay awapatsa ntchito yodula nyama ndi kukonza masamba, pambali panga penipeni monga kale.

Kachipinda ndi kakang'ono, munthu akatembenuka mnzake amadziwa, koma kakutikwana. Zithunzi taika pa shelefu. Bondo la amako lasiya kuwawa, dzulo anakwera masitepe osagwira khoma. Akuti ukamweta mpunga usaiwale kusunga mbewu ya m'chigawo cha kumunsi, ndipo pa Tet, chikondwerero cha chaka chatsopano, mubwere nonse awiri mudzalawe msuzi wa mlamba wa chinanazi, sakhulupirira kuti ungakhulupirire utangomva.

Ndatsala ndi masitampa anayi amene ndinagulira makalata a amako. Ndiziwagwiritsa ntchito polembera iwe, uziyankha. Kwa iwo sindilembanso. Masiku ano ndikakhala ndi nkhani yoti ndiwauze, ndimangotembenuka.

Ndine bambo ako,
Luong